Utoto wosachoka ndi thukuta

Mawu a mtsogoleri wa gulu la amayi onyika nsalu, pa tsiku lokumbukira kuti kopaletivi yathu yatha zaka khumi

 

Amene alankhula ine ndisanaime anena za mbewu, za nyumba yathu yosungiramo katundu, za misika ndi za masheya. Ine amayi anzanga andituma kuti ndinene za nsalu. Ndaona abambo ena kumbuyoko ayamba kale kuyang'ana kumene kukuchokera fungo la mpunga. Dekhani pang'ono abambo, nkhaniyi ikukhudzanso thumba lanu. Nsalu imene yayalidwa patebulo la akuluakuluyi sinachokere kusitolo ili chomwechi ayi. Zitenje zabuluu zimene avala amayi ovina polandira alendo aja, nazonso chimodzimodzi. Zinanyikidwa kuseri kwa nyumba zathu, m'mabeseni, ndi manja omwewa amene amakumba mtedza. Ambiri mumati tayi endi dayi. Ife timangoti kumanga ndi kunyika, poti ntchito yake ndi yomweyo: umamanga nsalu malo ena ndi ulusi kapena legeni, n'kuinyika mu utoto. Pamene wamanga paja utoto sulowa, ndiye ukamasula pamaoneka maluwa.

Mukudziwa nonse m'mene ndalama ya mlimi imayendera. Imabwera kamodzi, tikakolola, cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Pofika Okutobala yapepuka, fizi ya ana yatenga gawo lake, feteleza akudikira lake. Januwale ndi Febuluwale ndiye musanene. Ndi miyezi imene munthu amagogoda kwa wakatapila, kapena kusiya munda wake uli tchire n'kukagwira ganyu m'munda mwa mnzake. Kopaletivi inatiphunzitsa kusunga mbewu, kudikira mtengo wabwino, ndipo ndi nzeru yabwino. Koma amadikira ndi munthu amene ali ndi ya mchere ndi sopo m'nyumba. Wopanda imeneyo, venda akangopachika sikelo pamtengo wa mango, thumba limatuluka madzulo, osadutsa kuno. Tisanamizane, ambiri tinachitapo, ine ndemwe ndinachitapo. N'chifukwa chake amayi tinakhala pansi n'kufunsana kuti chilimwe chonsechi, manja akapuma ku khasu, tingagwire chiyani chobweretsa kangachepe, kuti thumba la soya lija ligone m'nyumba yosungira mpaka mtengo utakwera.

Otsutsa analipo, ena ali pompano, sindiwaloza. Ankati ndife alimi ife, za nsalu n'za atelala. Koma nsalu imene timanyikayi ndi thonje, ndipo thonje ndi mbewu ngati mbewu ina iliyonse. Anzathu a ku Chikwawa, Nsanje, Balaka ndi Salima amalima mpaka lero. Pamene David Livingstone ankakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, akupota ulusi ndi kuwomba nsalu m'midzi mwawo. Mlimi ndi nsalu anadziwana kalekale, ifeyo tangobwerera pamene makolo anasiyira.

Tsono ndikufuna ndikuuzeni za manyazi athu, chifukwa zimene timadziwa lerozi tinaziphunzirira pamenepo. Chaka choyamba, titangophunzira kumanga, tinalandira oda ya chinkhoswe. Akuchikazi amafuna zitenje makumi awiri zofanana, zabuluu, zoti avale ndi mabulauzi oyera. Tinakondwa, tinachita kuvina. Nsalu tinagula yotchipa imene tinaipeza. Utoto unali wochepa, ndiye tinauonjezera madzi kuti ukwane. Mankhwala ena osakaniza anali otsala pa maphunziro aja, atakhala miyezi m'jumbo yosamanga bwino. Tinanyika Lachinayi, Lachisanu tinasita n'kupereka. Kuziona pachingwe, aaa, zinali zokongola, anthu odutsa amachita kuima. Loweruka kunatentha, amayi aja anavina pa perekaniperekani, thukuta linatsika. Pofika masana mabulauzi onse anali abuluu m'chiuno, manja abuluu, ngakhale mipando imene anakhalira. Mayi wa mkwatibwi anandipeza ndili pa mzere wa chakudya. Sanakalipe. Anangotambasula manja awo n'kunena kuti, “Amayi, taonani ntchito yanu.” Bola akanandikalipira. Tinabweza ndalama zonse, tinagulanso mabulauzi ena, ndipo ngongole ya ku banki m'khonde tinaibweza ndi mtedza wa kumunda, womwe uja timati tikuuteteza. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti m'mudzimo sankanena dzina langa. Ankati nsalu za kukopaletivi zimasuluka. Paja akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Nkhuyu imeneyo tinali ife.

Titafufuza tinapeza kuti kumanga tinamanga bwino. Kumanga ndi mbali yosavuta, mwana wa sitandade 5 akhoza kuphunzira tsiku limodzi. Tinalakwa pa zinthu zimene sizioneka pachingwe, ndipo choyamba chinali nsalu yomweyo.

Utoto umene timagwiritsa ntchitowu umagwira pa thonje. Pa nsalu za nayiloni ndi poliyesita sugwira, umangokhala pamwamba ngati fumbi, madzi oyamba n'kuutenga. Vuto ndi lakuti nsalu zambiri zoyera za m'sitolo ndi zosakaniza, thonje pang'ono poliyesita pang'ono, ndipo wogulitsa akuuzani kuti ndi thonje lenileni chifukwa akufuna mugule. Musakangane naye. Pemphani kachidutswa, tulukani panja, yatsani machesi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa loti ukalikhudza limangomwazika. Poliyesita amathawa moto, amakwinyika, amasungunuka ngati jumbo, n'kusiya kampira kakuda kolimba. Yosakaniza imachita zonse ziwiri, phulusa pang'ono kampira pang'ono. Pa kaunjika ndiye yang'anani kachikwangwani ka pakhosi kapena kam'mbali, pamene palembedwa 100% cotton. Mudzaonanso kuti tisheti ya thonje ikalowa mu utoto, ulusi wosokera uja nthawi zambiri umatsala woyera. Musadabwe, ulusiwo ndi wa poliyesita.

Mukaipeza ya thonje, ichapeni isanaone utoto. Nsalu yatsopano imachoka kufakitale ili ndi sitachi kuti izioneka yolimba pashelefu, ndipo ya pa kaunjika imakhala ndi mafuta a m'thupi ndi mankhwala ofewetsera. Zonsezi zimatseka njira ya utoto. Madzi otentha ndi sopo, kutsukuluza bwinobwino. Kuyesa kwake n'kosavuta: ikauma donthezerani madzi. Dontho likalowa pompo, nsalu yakonzeka. Likaima pamwamba ngati mame patsamba la koko, chapaninso. Kuchapaku kumathandizanso kuti nsalu ifupikiretu, poti thonje limabwerera likaona madzi koyamba. Munthu walipira chitenje cha mamita awiri, chisakapezeke choperewera m'chiuno atachichapa kwawo.

Chachiwiri ndi utoto, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Utoto wa nsalu umene timaupeza m'tauni uli mitundu iwiri, ndipo uliwonse uli ndi anzake oyenda nawo. Kuwasinthanitsa kuli ngati kuthira feteleza wobereketsa pa nthawi ya wokulitsa.

Woyamba ife timauti wa madzi otentha, pachitini amalemba kuti vat. Umenewu pawokha susungunuka m'madzi. Kuti usungunuke umafuna kositiki, soda waukali uja ena amapangira sopo, pamodzi ndi ufa wina woyera wa fungo ngati dzira lovunda, dzina lake hydrosulphite. Madzi akhale otentha koma osati obwadamuka. Zitatuzi zikakumana bwino, mtundu wa m'ndowa umasintha, sukhala umene mukuufuna uja. Wabuluu wa indigo umaoneka wachikasu chobiriwira. Mumamiza nsalu, osaitulutsatulutsa, osatakasa ngati phala, chifukwa mpweya ukalowa m'madzimo mphamvu imatha. Mukaitulutsa n'kuiyanika, mpweya ndi umene umamaliza ntchito: mukuyang'ana chomwechi, kubiriwira kuja kumasanduka buluu. Tsiku loyamba kuona zimenezi agogo ena anathawa, amati taika mankhwala achikuda. Chimene chimachitika n'chakuti utoto walowa m'kati mwa ulusi uli wosungunuka, ndipo mpweya waubwezera ku kuuma kwake uli m'katimo, ndiye sungatulukenso. Tsono ufa wonunkha uja umafa ukakhala pamphepo kapena pachinyezi. Wathu wa pa chinkhoswe uja unali wakufa. Utoto sunasungunuke, sunalowe, unangomata kunja. Lero timausunga m'botolo lotseka zolimba, ndipo timagula wongokwana ntchito imene ilipo.

Wachiwiri timauti wa madzi ozizira, pachitini amalemba kuti reactive. Umenewu ndi umene umatulutsa mitundu yowala ija, wofiira, wachikasu, wapepo, ndipo ndi wabwino kwa oyamba kumene chifukwa sufuna kositiki. Mnzake ndi soda ash. Mvetsetsani amayi, pali masoda atatu. Pali soda wa therere, pali soda ash, pali kositiki. Onse ndi oyera, koma si amodzi. Wa therere ndi wofooka, sagwiritsa utoto m'madzi ozizira. Kositiki ndi waukali, amawotcha. Soda ash ali pakati. Timathira kapu imodzi m'malita anayi a madzi ofunda, n'kuviika nsalu yomanga kale ija mphindi 20, kuifinya, kenaka kuthira utoto ndi timabotolo toboola pachitsekero, malo ano wofiira, malo awo wachikasu. Tikatero timaikulunga m'pulasitiki kuti isaume, n'kuisiya igone mpaka mawa. Utoto umenewu umalumikizana ndi thonje lenilenilo, koma umafuna chinyezi, kufunda ndi nthawi. Mu Juni ndi Julayi, kukazizira, umachedwa, ndiye phukusilo timaliika padzuwa lili chikulungire. Ndipo utoto ukangokumana ndi soda ash wayamba kale ntchito, sungausungire mawa. Sakanizani wokwana lero basi.

Ena amafunsa za chidulo, poti nachonso ndi soda wa makolo. Tinayesa. Chimagwira ndithu pang'ono, koma chidulo cha lero ndi cha mawa mphamvu yake siifanana, zimatengera phulusa lake. Pa nsalu yovala pakhomo yesani, pa nsalu ya kasitomala ayi. Enanso amakhulupirira kuti nsalu yosuluka ukaiviika mu mchere imasiya. Mchere uli ndi ntchito yake, umakankhira utoto ku nsalu pamene mukunyika nsalu yonse m'ndowa. Koma nsalu imene yalephera kale kugwira utoto, ngakhale muthire thumba lonse la mchere, idzasulukabe. Mwangowononga wa ndiwo.

Ndipatuke pang'ono, poti amene anatiphunzitsa anatisimbira nkhani imene sindiiiwala. Utoto wa m'zitiniwu unayamba mwangozi. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, dzina lake William Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo omwewa amatisautsawa. Kwinini sanatuluke, m'botolo munatsala zinthu zakuda zimene zinadetsa nsalu kukhala yapepo. Wa madzi ozizira uja unabwera patatha zaka 100, mu 1956, kuchokera ku kampani ya ICI ya ku England komweko. Ndiye tikalakwitsa m'beseni timatonthozana kuti nayenso mwini wake anayamba n'kulakwitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti iye analemera nako, ife tinabweza mabulauzi.

Za muyeso ndingonena chimodzi. Utoto wa wogulitsa uyu ndi wa uyo mphamvu zimasiyana, choncho funsani muyeso wake pogula, yesani pa kachidutswa, ndipo zimene zatuluka bwino zilembeni m'kope: masupuni angati, madzi malita angati, nsalu mamita angati, mphindi zingati. Safunsa anadya phula. Kope limeneli ndi limene limatithandiza munthu akabwera patatha miyezi itatu n'kunena kuti ndikufuna china chofanana ndi chija. Kale timangoyang'anana.

Kamangidwe sindichedwapo, kamafuna kuona ndi maso. Mukamangirira timiyala kapena njere za chimanga m'nsalu, mumapeza timaso tozungulira. Mukaipinda uku ndi uku ngati chokupizira mphepo n'kumanga m'malo angapo, mumapeza mizere. Mukatsina pakati n'kupotokola mpaka nsalu yonse itakhala ngati nkhata, mumapeza chigoba cha nkhono, chimene achinyamata amachikonda pa matisheti. Mukasoka chithunzi ndi singano n'kukoka ulusi zolimba, mukhoza kutulutsa tsamba, nsomba, ngakhale khasu limene mukuliona pakati pa nsalu ya patebuloyi. Malegeni a chubu cha njinga amamanga bwino kuposa zonse, ndipo ndi aulere. Chachikulu mangani zolimba mpaka zala ziwawe. Pa mitundu, yambani ndi wowala, wakuda pambuyo. Wachikasu ukakumana ndi wabuluu pamabadwa wobiriwira, wofiira ndi wabuluu pamabadwa wapepo, koma mukaunjika yonse itatu malo amodzi mumapeza mtundu wa matope a m'dambo, ndipo palibe amene amaugula.

Anzathu a ku Nigeria, amayi Achiyoruba a mumzinda wa Abeokuta, ntchitoyi akhala nayo mibadwomibadwo. Nsalu yawo amaitcha adire. Amamanga ndi luzi la chiwale, ndipo njira ina amaphika phala la chinangwa, n'kulembera nalo maluwa pansalu. Phala likauma limatchinga utoto monga umachitira ulusi. Chinangwa tili nacho, chiwale chimapezeka. Imeneyi ndiye tikufuna tiiyese chilimwe chikubwerachi.

Chachitatu chimene tinalakwa pa chinkhoswe paja ndi kuchapa komaliza. Ngakhale utoto utagwira bwino chotani, pamakhala wina wotsala pamwamba umene sunapeze malo. Umenewo ndi umene umapita pa bulauzi ya mwini wake. Uyenera kuchokera kwa ife. Timayamba ndi madzi ozizira nsalu ili chimangire, kenaka timamasula, kutsukuluzanso, kenaka madzi otentha ndi sopo, mpaka madzi atatuluka oyera. Madzi amapita ambiri, mikono imatopa, ndipo mtima umawawa kuona mtundu ukutsika m'beseni, umaganiza kuti ndalama zikupita. Zisiyeni zipite, umenewo sunali wanu. Kuyanika timayanika pamthunzi. Ikauma pamabwera mayeso amene tinagwirizana kuti nsalu iliyonse idutsemo: timatenga kansalu koyera konyowa, n'kukhutiza zolimba pa nsalu ija. Kakatuluka ndi mtundu, nsaluyo ibwerera m'madzi, kaya mwini wake ali pakhomo ndi ndalama m'manja. Woyesa sakhala amene wanyika, amakhala mnzake, chifukwa diso la mwini limakhululuka msanga.

Tsopano ndilankhule ngati mayi. Kositiki si chinthu chosewera nacho. Amaoneka ngati shuga kapena mchere, ndipo akasungunuka amaoneka ngati madzi akumwa. Mwana akamwa amapsa kukhosi mpaka m'mimba, ndipo ena amene apulumuka amavutika kumeza moyo wawo wonse. Ndikupemphani, musamuike m'botolo la zakumwa, musamuike m'chitini cha shuga, musamusiye pansi ngakhale mphindi imodzi pamene mukukatenga nkhuni. Ngozi ikachitika, mwana wamwa, musamusanzitse, chifukwa pobwerera amawotchanso kachiwiri. Thamangani naye kuchipatala, mutanyamula paketi yake kuti adokotala aone. Akagwera pakhungu kapena m'maso, thirani madzi ambiri osalekeza kwa mphindi 20, kenaka kuchipatala. Posakaniza, kositiki ndi amene amapita m'madzi, pang'onopang'ono. Mukathira madzi pa kositiki amawira mwaukali n'kukuthovukirani kumaso. Ndipo mapoto athu a aluminiyamu asayandikire, kositiki amawadya mpaka kuboola. Gwiritsani ndowa ndi mabeseni apulasitiki olimba, mthiko wakewake, supuni yakeyake, ndipo zimenezi zisabwererenso kukhitchini. Magolovesi aatali m'manja, kansalu kumphuno poyeza ufa, ntchito yonse panja pamphepo. Ine zala zanga zinasupuka chaka choyamba chifukwa cha kuuma mutu, ndimati magolovesi amandichedwetsa. Ndinatha sabata ndikudya nsima ndi supuni, ana akundiseka.

Madzi otsala nawonso asapite kulikonse. Ndife alimi, tikudziwa kumene madzi amathera. Tisatsukulire pamjigo, tisathire mumtsinje kapena m'dambo mmene ng'ombe zimamwa, tisathire kufupi ndi dimba. Timakumba dzenje lakelake kutali ndi chitsime, n'kulitchinga kuti nkhuku ndi ana asafikepo. A mfumu anatithandiza kusankha malo ake, tikuthokoza.

Alendo ena amatifunsa chifukwa chimene sitigwiritsira utoto wa zomera, poti ndi waulere. Tinayesa makoko a anyezi, amapereka chikasu chokongola. Mlombwa mukudziwa kuti utomoni wake ndi wofiira ngati magazi. Maganizo anga ndi akuti pa thonje mitundu yambiri ya zomera imafuna mankhwala enanso oigwiritsa, ndipo popanda amenewo imafooka msanga ndi dzuwa ndi sopo. Komanso sindingakonde kuona amayi makumi atatu akusenda makungwa a milombwa yochepa imene yatsalayi chifukwa cha zitenje. Makoko a anyezi, amenewo inde, amatayidwa kale. Mitengo tiisiye.

Nanga phindu lilipo? Lilipo, koma si la aliyense amene wanyika. Tisadzinamize kuti tingapikisane ndi zitenje zodinda za pamsika, zimene zimabwera mabelo kuchokera kunja. Fakitale imadinda zikwizikwi pa tsiku, ife khumi tatopa. Ife timapambana pamene fakitale singafike: gulu la anthu khumi ndi asanu likufuna yunifomu yawoyawo, timu ya mpira wa manja ikufuna matisheti, mayi akufuna makatani ndi nsalu ya pabedi zofanana, malo ogona alendo akufuna nsalu za patebulo. Kwinanso ndi pa kaunjika. Malaya oyera a thonje amene ali ndi kabanga amatsika mtengo chifukwa palibe akuwafuna. Ife timawatola, banga lija limabisala mu utoto, malaya n'kukhala atsopano. Ngakhale pakhomo, shiti yofumbwa, diresi la mwana lothimbirira, zimabwerera m'moyo popanda kugula china.

Powerengera mtengo, lembani zonse. Nsalu ndi utoto aliyense amakumbukira. Zimene timaiwala ndi sopo, nkhuni zotenthetsera madzi, makala a simbi, thiransipoti yopita kutauni, nsalu imodzi kapena ziwiri zimene zimawonongeka, ndi tsiku lanu limene mwaligwira. Mukapanda kudzilipira tsikulo ndiye kuti mwagwira ganyu yaulere kwa kasitomala. Kumbukiraninso kuti utoto ndi mankhwala ake zimachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinapita kukagula ndi ndalama ya mtengo wakale, tinabwerako ndi theka la katundu. Kuyambira pamenepo mtengo wa nsalu timauika poyang'ana ndalama imene tidzagulire utoto wina, osati imene tinagulira wathawu. Oda yaikulu timalandiriratu theka. Ndipo za ngongole kwa achibale, alamu anga ali pompano andikhululukire, chitenje chotenga kuti ndidzapereka pakutha pa mwezi chimang'ambika ndalama isanafike.

Abambo, ndinalonjeza kuti nkhaniyi ikukhudza thumba lanu. Ndalama ya nsalu si yambiri, singagule ngolo. Koma m'nyumba zambiri za gulu lathu ndi imene yakhala ikugula sopo, mchere, makope ndi ya kuchigayo m'miyezi yowawa ija, ndipo thumba la soya lakhala likudikira mtengo wake. Amayi ena awonjezera nayo masheya m'dzina lawo. Pempho langa n'lakuti ndalama imeneyi mukaiona musaiyese yopeza pansi. Gawo lake lalikulu ndi mpamba, liyenera kubwerera ku utoto. Mukaitenga yonse Lachisanu, Lolemba beseni lauma. Ifenso tikulonjeza kuti mvula ikagwa mabeseni timavundikira. Nthawi yobzala ndi yopalira si yonyika nsalu, ndiponso nsalu siuma bwino m'dzinja. Munda ndiye mayi wa zonsezi.

Kwa a bodi tabwera ndi zopempha zimene tikufuna zilowe pa msonkhano waukulu ukubwerawu. Pano mayi aliyense amakwera yekha minibasi kukagula timapaketi ting'onoting'ono pa mtengo wokwera. Feteleza ndi mbewu timagula pamodzi, ndipo tonse taona kusiyana kwake. Bwanji nsalu yoyera ndi utoto osagulanso pamodzi, mpukutu wathunthu ndi zitini zazikulu, amayi n'kumatenga kuno pa mtengo wa kopaletivi? Tikupemphanso kachipinda kokhoma, kosiyana ndi kumene kumakhala mbewu, kuti kositiki achoke m'nyumba zogona ana, pamodzi ndi kasikelo kakang'ono koyeza magalamu, poti masupuni athu ndi osiyanasiyana. Ndipo tikupempha lamulo lakuti nsalu iliyonse yogulitsidwa m'dzina la kopaletivi iyambe yadutsa mayeso a kansalu koyera kaja. Amene akufuna kugulitsa yosayesa agulitse m'dzina lake. Dzina limene lili pa nsalu ndi lomwelo lili pa matumba a mtedza wathu, ndipo munthu amene tamudetsera bulauzi sadzakhulupirira sikelo yathu.

Mayi a chinkhoswe aja, mwana wawo wachiwiri atapeza banja, anabweranso kwa ife. Anafika ndi kansalu kawo koyera m'chikwama, anakanyowetsa okha, n'kukhutiza chitenje chilichonse ife tikuyang'ana, mitima ili m'mwamba. Anatenga zonse.

Tikatha kudya, mabeseni ali kuseri kwa nyumba yosungira katundu, pansi pa mtengo paja. Tigwiritsa wa madzi ozizira, ndiye ana akhoza kuonerera ali chapatali. Achinyamata bwerani, anyamata omwe, manja anu ndi amene amamanga legeni zolimba. Amene wabwera ndi tisheti yoyera ya thonje aibweretse, koma adziwiretu kuti lero sapita nayo, igona m'pulasitiki, adzaitenga mawa madzulo tikaichapa.